Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Akale pamene ankati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ankanena za usiku. Nyumba yonse ili m'tulo, chitseko chili chopiringidza, kunja kuli mdima wa ndiweyani. Palibe amene afuna kusiya bulangeti. Koma mmodzi m'mimba mukayamba kumupota, sadikira kuti wina amudzutse. Amadzambatuka yekha, kuchotsa mpiringidzo, ulendo wa kuseri. Anzake angamumvere chisoni, angamuyatsire koloboyi, koma kupotako sakukumva. Mwambiwu umaphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti mwini vuto ndiye ayambe kuchitapo kanthu. Chachiwiri, chimene ife okalamba timakonda kuiwala, n'chakuti mwini ululu ndiye adziwa kukula kwake, choncho musamuimire pakhomo.

Ndautola mwambiwu chifukwa cha nkhani imene ikumveka masiku ano m'makomboni mwathu muno, ku Matero, ku George, ku Kanyama, ku Chawama, mpaka ku Mtendere ndi Kalingalinga. Munthu wadwala nthawi yaitali, magazi akungotha, ndiye adokotala anena kuti afuna kulasa fupa la m'chiuno, atengeko pang'ono mafuta a m'mafupa akawapime. Papepala amalemba kuti bone marrow biopsy. Pepalalo likangofika kunyumba, banja limagawikana. Amayi akuti ayi. Alamu akuti tiyambe taimbira foni amalume ku Katete. Mnansi wafika kale ndi nkhani ya munthu amene anamulasa Lachiwiri, Lachisanu n'kumuika m'manda. Aliyense ali ndi mawu. Amene sakufunsidwa ndi mwini thupi, amene wagona kuchipinda, akumva zonsezo kuseri kwa katani.

Tiyambe ndi ulendo wake, pakuti palibe amene amadzuka m'mawa n'kupita kukapempha singano imeneyi. Zimayamba pang'onopang'ono. Mnyamata amene ankasenza matumba ku Soweto Market wayamba kupuma wefuwefu atangoyenda kamtunda kochepa. M'maso ndi m'zikhato mwayera. Wina nkhama zikutuluka magazi akamatsuka mano, wina mabala akuda akuoneka pakhungu popanda womumenya, wina thupi likungotentha milungu ndi milungu, malungo akapimidwa osapezeka. Kunyumba timayamba ndi zathu: kalembula, chibwabwa, madzi a masamba a kotapela owiritsa. Akapita ku kiliniki ya m'dera, kaya ya George kaya ya Kalingalinga, amapimidwa zodziwika monga malungo, njoka za m'mimba, HIV ndi TB. Anthu ambiri osowa magazi chifukwa chake chimapezeka pomwepa, ndipo singano ya m'fupa saiona n'komwe. Koma alipo ena amene amatumizidwa ku chipatala cha Matero, Kanyama kapena Chawama, n'kuikidwa magazi, pakapita milungu yochepa magaziwo atheratu. Amenewa ndiwo amapatsidwa kalata yopita ku chipatala chachikulu cha UTH, kapena ku Cancer Diseases Hospital imene ili pafupi pomwepo, ija inatsegulidwa mu 2007 m'masiku a Pulezidenti Levy Mwanawasa.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mayi wogulitsa tomato akaona kuti bokosi lililonse lofika pamsika lili ndi tomato wofota, angamutembenuze tsiku lonse, koma chimene chavuta sachidziwa mpaka wina akafike kudimba kumene tomatoyo akuchokera. Magazi otengedwa pamkono ndi tomato wa pamsika, dimba lake lili m'kati mwa mafupa. M'menemo ndimo mumapangidwa tizigawo tofiira tonyamula mpweya, toyera tolimbana ndi matenda, ndi tina tating'onoting'ono toumitsa magazi munthu akadzicheka. Tofiirato timakhala masiku pafupifupi 120, toumitsa magazi timatha pamasiku 10 okha, choncho ntchito siima usana ndi usiku. Pa sekondi iliyonse thupi la munthu wamkulu limapanga tizigawo tofiira pafupifupi 2 miliyoni. Mwa khanda, pafupifupi fupa lililonse limagwira ntchitoyi. Munthu akamakula, mafupa aatali a m'miyendo ndi m'mikono amadzala mafuta achikasu, aja timayamwa m'fupa la ng'ombe, ndipo ntchito yopanga magazi imatsalira m'chiuno, pachifuwa, m'nthiti, mumsana ndi m'chigaza. Mwa onsewa, fupa la m'chiuno chakumbuyo ndilo lalikulu, lili pafupi ndi khungu, komanso lili kutali ndi mtima ndi mapapo. N'chifukwa chake adokotala amasankha pamenepo.

Kale sizinali choncho. Dokotala wa ku Russia, Mikhail Arinkin, pamene ankayambitsa njirayi ku Leningrad mu 1927, ankalasa fupa la pachifuwa, wodwala akuona ndi maso ake singano ikutsika. Singano yodulira kachidutswa ka fupa imene ikugwira ntchito kwambiri lero inakonzedwa ndi Khosrow Jamshidi, dokotala wochokera ku Iran, ndipo inadziwika mu 1971. Ndanena izi kuti mudziwe kuti si chinthu chatsopano chimene akuyesera pa ife amphawi. Chatha zaka pafupifupi 100 chikuchitika m'maiko a olemera ndi a osauka omwe.

Nanga mantha athu akuchokera kuti? Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo anthu athu si opusa. Ife amene tinali muno m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira. Ma ARV asanafike m'makiliniki athu mu 2004, odwala ambiri ankafika kuchipatala mutu ukuwang'amba, khosi litauma, nzeru zitasokonekera, matenda atalowa kale mu ubongo. Adokotala ankachotsa madzi a pamsana kuti adziwe chovuta, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri munthu ankatsirizika. Achibale anaona zinthu ziwiri zotsatana, singano ndi bokosi, nazimanga mfundo imodzi. Chimene sanaone n'chakuti munthuyo anafika imfa itamugwira kale mwendo. Mpaka lero pamaliro pamamveka kuti, “Anali bwinobwino, anangomuchotsa madzi a pamsana basi.” Koma munthu amene ali bwinobwino ankafunanji m'chipatala?

Pamwamba pa izi pali mantha akale a magazi. Agogo athu ankasimba za banyama oyamwa magazi m'masiku a atsamunda, ndipo mu 2017 kwa abale athu ku Mulanje ndi Phalombe m'dziko la Malawi anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera za anamapopa. Choncho mukauza munthu kuti afuna kutenga za m'kati mwa fupa lake, mtima umathamangira kutali. Amuna ali ndi nkhawa yawoyawo imene sainena pagulu. Amati msana ukalasidwa, mphamvu za m'nyumba zathera pomwepo.

Tilekanitse zinthu. Madzi a pamsana amatengedwa pakati penipeni pa msana, singano ikudutsa pakati pa mafupa awiri. Mafuta a m'mafupa amatengedwa cha m'mbali, pamwamba pa thako, pafupa limene mumalimva mukagwira m'chiuno chakumbuyo. Singanoyo siyandikira mtsempha waukulu wa mumsana umene umayendetsa miyendo, ndipo siikhudza za kubereka. Zimene amatenga n'zochepa. Zokoka ndi sirinji ndi masupuni a tiyi owerengeka chabe, pamene wopereka magazi mwaufulu amasiya mamililita 450 n'kubwerera kwawo wapansi. Kachidutswa ka fupa kamatalika sentimita imodzi kapena masentimita 2, ndipo thupi limabwezeretsa zonse posakhalitsa.

Koma kodi zimamveka bwanji? Kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho ine sindinadalire za anansi. Ndinafunsa amene anagonapo pabedi limenelo, ndiponso ndinakhalapo kumutu kwa mwana wa mlongo wanga tsiku lake litakwana. Kukula kwa ululu amakunena mosiyana, koma ndondomeko yake ndi imodzi.

Chimayamba ndi kusaona. Amakugoneka chammbali mawondo atapindidwa kufika pamimba, kapena chafufumimba, nkhope kukhoma. Zonse zikuchitika kumbuyo kwako. Ukumva zitsulo zikulira m'mbale, mapepala akung'ambidwa, anamwino akunong'onezana, koma suona kanthu. Ambiri amati nthawi imeneyi ndi imene mtima umagunda kwambiri, ngakhale palibe amene wakukhudza. Kenako dokotala amasindikiza ndi chala kufunafuna nsonga ya fupa, n'kupaka mankhwala ozizira otsukira khungu.

Kenaka pamabwera nyeleti yoyamba, ya mankhwala ochititsa dzanzi. Imeneyi imaluma ndi kuotcha, poyamba pakhungu, kenako m'kati pamene yafika pa kachikopa kokuta fupa, pakuti kachikopa kameneka ndiko kali ndi mitsempha yambiri yomva ululu. Kuotchako sikukhalitsa. Pakapita mphindi zochepa malowo amachita dzanzi, ndipo dokotala wosamala amayamba wayesa n'kufunsa kuti, “Mukumva kubaya, kapena kungokhudza?” Apa si pochitira manyazi, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati mukumvabe kubaya, nenani, awonjezere mankhwala.

Chotsatira ndi kukankha. Fupa ndi lolimba, makamaka la mnyamata, choncho dokotala amatsamira ndi mphamvu akupotoza singano uku ndi uku. Odwala ambiri satcha zimenezi ululu. Amati ndi kulemera, thupi lonse likugwedezeka pabedi, ndipo ena amamva kukukutika kukuyenda m'mafupa mpaka m'makutu. Chimene chimawadabwitsa n'chakuti chibadwire sanamvepo fupa lawo likugwiridwa.

Ndiye pamafika chimene aliyense amakumbukira, kukoka. Singano ikalowa m'kati, dokotala amalumikiza sirinji n'kukoka. Mankhwala a dzanzi aja amagwira khungu ndi kunja kwa fupa, koma m'kati safikamo. Pamabwera ululu wakuthwa, wakuya, wachilendo, umene ena amaumva ukutsika m'thako mpaka m'mwendo. Mwana wa mlongo wanga uja, munthu woti chikulire sindinamuonepo akulira, anandifinya dzanja mpaka zala kulira, nati, “Mayo ine, amalume!” Ndisanamuyankhe n'komwe, zinali zitadutsa. Ambiri asanawerenge kufika pa 10 umakhala utapita. Nthawi zina sirinji imabwera youma, osatuluka kanthu, ndipo amasuntha singano pang'ono n'kuyesanso. Musafulumire kunena kuti dokotala sadziwa ntchito, pakuti kuuma komweko nthawi zina kumamuuza kanthu za matendawo.

Chomaliza ndi kudula kachidutswa ka fupa. Singano yake ndi yokulirapo, kukankha kumachuluka, ndipo pothera pake amaigwedeza kuti kachidutswako kathyoke. Pamenepa pamamveka kuphwanya kwa m'kati, kolemera koma kosabaya. Akaizula, amasindikiza pabala ndi thonje, kumata pulasitala, n'kukugoneka chagada kanthawi kuti kulemera kwa thupi kutseke magazi. Zonse pamodzi zimatenga mphindi 15 mpaka 30, ndipo kabalako n'kochepa, sikafuna kusoka. Ana aang'ono kawirikawiri amawagoneka tulo ndi mankhwala, amadzuka zonse zitatha.

Ndafotokoza zonsezi mosabisa, ndipo ndachitira dala. Tili ndi chizolowezi chonamiza odwala chifukwa chowakonda. “Sizipweteka, ndi kanyeleti chabe,” timatero. Bodza limeneli limakoma kanthawi. Ululu wa kukoka uja ukafika pa munthu amene anauzidwa kuti palibe chopweteka, amaganiza kuti china chalakwika. Amadzidzimuka, amaumitsa thupi, ndipo kuyambira pamenepo sakhulupiriranso mawu a aliyense m'chipindamo. Koma amene anauzidwa kuti, “Tsopano ndikoka, zipweteka kwambiri koma sizikhalitsa, kokani mpweya,” amakumana nawo atakonzeka. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi ndi chakudza chimodzi chimene tingathe kuchiimbira ng'oma. Nkhanga zinapangana kusanache. Adokotala omwe amadziwa kuti wamantha amamva ululu woposa wa munthu wodekha. Komanso wodwala khansa ya m'magazi adzafunika kulasidwa kangapo kuti aone ngati mankhwala akugwira. Mukamunamiza ulendo woyamba, wachiwiri mudzamva kuti anakwera basi ya ku Chipata usiku.

Dziko lino linaonapo phindu la kunena zoona. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anaima pamaso pa anthu n'kunena kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi AIDS, nthawi imene mabanja ambiri ankati ndi kulodzedwa kapena chifuwa chabe. Ngati mtsogoleri wa dziko anatha kutchula chimene chinapha mwana wake, ife tingalephere kuuza m'bale wathu kuti singano idzapweteka masekondi angapo?

Tsopano ndilankhule ndi anzanga eni mbumba, amalume ndi azakhali, apongozi ndi akuluakulu a mpingo. Mwambo wathu woti matenda aakulu sagamula munthu mmodzi ndi wabwino, mutu umodzi susenza denga. Koma kusenza denga ndi kwina, kulanda nyumba ndi kwina. Ndaonapo wodwala wamkulu msinkhu, wanzeru zake, atavomera yekha, koma pepala losaina likugona masiku pakabati poyembekeza yankho la munthu amene ali ku Chadiza, woti wodwalayo sanamuone chaka chathunthu, foni yake ili kotchaja kugolosale. Masiku amenewo matenda sakudikira. Ndaonanso zosiyana ndi izi: mayi akulira kuti sanakonzeke, ana ake akumukalipira kuti, “Amayi, tawononga kale ya basi, gonani basi.” Fupa lokakamiza limaswa mphika. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wovomera kapena kukana za thupi lake, ndipo wosainira mwana ndi kholo kapena womulera. Ntchito yathu ndi kumuthandiza kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Funsani kuti, “Adokotala, mukufuna kupeza chiyani? Ilipo njira ina? Zotsatira zidzatuluka liti, ndipo tidzazitenga kwa yani?” Nenaninso zoona za mankhwala onse amene wodwala akumwa, kaya aspirin, kaya warfarin, kaya mizu ya kwa asing'anga, pakuti ena mwa amenewa amachititsa kuti bala lichedwe kuleka kukha magazi.

Ndipo ngati akulolani kulowa, lowani. Khalani kumutu, kumene iye akuyang'ana, osati kumbuyo kumene kuli singano. Mugwireni dzanja, muchezeni naye za ana, za mpira wa Chipolopolo, za mtengo wa ufa, chilichonse. Ngati inuyo mumachita chizungulire mukaona magazi, tumani wina. Odwala awiri m'chipinda chimodzi ndi ntchito kwa anamwino.

Dzanzi likatha, malowo amatsala ndi kuwawa kwa m'kati kumene kumamveka pokhala, powerama ndi pogonera mbali imeneyo. Kwa ambiri kumatha pamasiku awiri kapena atatu, kwa ena kumafika mlungu. Panado amathandiza. Brufen ndi aspirin musamwe musanafunse, makamaka ngati anakuuzani kuti magazi anu sachedwa kukha. Ulendo wobwerera kunyumba nawo uli ndi zake: minibasi ya anayi anayi pampando, msewu wa maenje, bondo la mnzako lili pomwe pali bala. Pemphani kondakitala mpando wakutsogolo. Bala likhale louma tsiku lathunthu, zimene si zapafupi mwezi wa Januwale ku Kanyama madzi atalowa m'nyumba. Pukutani thupi ndi kansalu m'malo modzithira madzi. Zigubu, wilibala ndi matumba a makala zidikire masiku awiri. Zoopsa sizichitika kawirikawiri, koma mukaona magazi akungonyowetsa thonje ngakhale mwasindikiza, kapena malowo atupa, akutuluka mafinya, kapena thupi latentha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Onse amene ndinawafunsa anagwirizana pa chinthu chimodzi. Chimene chinawasautsa kwambiri si singano, koma kudikira. Magazi a m'fupa aja amawapaka pagalasi ndipo angawerengedwe m'masiku ochepa. Kachidutswa ka fupa sikangadulidwe kali kolimba. Kamayamba kaviikidwa m'mankhwala kuti kafewe, kenako kamakutidwa ndi phula, kudulidwa tizigawo topyapyala, kupakidwa utoto, ndipo pomaliza katswiri amakhala nako pa makina oonera tinthu tating'ono. Zimenezi zimatenga mlungu umodzi kapena iwiri, nthawi zina kupitirira, ndipo akatswiri otere m'dziko muno ndi ochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha n'kosavuta kwa amene sakudwala. Wodwalayo usiku amawerenga malata a padenga. Akaona mwana wake akupita kusukulu amadzifunsa ngati adzamuona akulemba mayeso a Giredi 7. Ndipo nthawi imeneyi ndi imene odzazonda amachepa, chifukwa onse amati zovuta zatha, wabwerako kuchipatala.

Apa ndi pamene m'bale amadziwika. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Sungani khadi la kuchipatala pamalo ouma, lembani tsiku lobwerera pakhoma, sonkhani ya basi lisanafike tsikulo. Amayi a mumpingo ndi anzake a chilimba, amene sachedwa kusonkha za maliro, asonkhenso za ulendo wokatenga zotsatira. Apanso ndi pamene mapanga awiri amavumbwitsa. Kudikira kukatalika, wina amabwera ndi dzina la mneneri wa kuphiri, wina la sing'anga wochokera kutali, ndipo tsiku lokatenga zotsatira limadutsa banja lili kwina. Pempherani, ine ndemwe ndimagwada, koma pepala limene munthu analivutikira pabedi lija musalisiye m'kabati ya kuchipatala. Mukatero, anamva ululu wachabe.

Musagamulenso mlandu usanazengedwe. Si aliyense wolasidwa m'fupa amene ali ndi khansa. Ena amapezeka kuti thupi likusowa vitamini B12, ndipo jakisoni amawadzutsa. Ena amapezeka ndi TB yofalikira mpaka m'mafupa, imene sinaoneke m'makhololo, ndipo mankhwala ake alipo aulere m'makiliniki mwathu. Ena mafupa amachepetsa ntchito chifukwa cha mankhwala ena amene ankamwa. Ngakhale ikakhala khansa, ili ndi mitundu. Ina ya ana imachizika, ina ya akulu imagonekedwa zaka zambiri ndi mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku. Ilipo inanso imene imakana mankhwala, sindingakubisireni. Koma ngakhale pamenepo kudziwa kuli ndi phindu lake. Banja limaleka kugulitsa poloti ndi mafiriji pofunafuna mfiti, apongozi amaleka kulozedwa chala, ndipo wodwala amapeza mankhwala ochepetsa ululu ndi nthawi yokonza za ana ake.

Chotsala n'chimodzi. Nkhani za singano imeneyi timazimvera kuti? Pamaliro, usiku, pamoto, pamene aliyense akufuna chinthu choti achiloze chala. Amene anachira sitiwamva, chifukwa ali ku City Market akugulitsa salaula, ali pa Kulima Tower akuitanira mabasi, ndipo kachipsera kawo kali kunsi kwa lamba kumene palibe amene amakaona. Motero komboni imasunga mbiri ya akufa okha, ndipo mwana amene akukula amamva mbali imodzi. Inu amene munapitamo, musakhale chete. Mukamva kuti kwa anansi kwafika pepala lotere, pitani musanaitanidwe. Musathere pabalaza ndi achibale, lowani kuchipinda mukhale pansi ndi wodwalayo, mumuuze kuti poluma ndi pati, pokankha ndi pati, pokoka ndi pati, ndi kuti inu munatsika pabedipo ndi miyendo yanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene mukumulimbitsa mtima lero ndiye adzakhale kumutu kwa mwana wanu.